Misika yothandiza zipatala ku Nkhotakota: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali pansipa ndi amene amabwerabwera nkhani yosonkhera chipatala ikabuka, kaya ndi pamsonkhano wa komiti ya chipatala, kubwalo la mfumu, kutchalitchi kapena kumzikiti. Oyambirira akukhudza mbiri, otsatirawo kayendetsedwe ka tsikulo ndi ndalama zake.

Kodi msika wothandiza chipatala n'chiyani?

Ndi tsiku limene anthu a dera limodzi amasonkhana pabwalo, kugulitsa zinthu zimene apereka mwaulere, kuonera magule, makwaya ndi mpira, ndipo ndalama zopezekazo zimapita ku chosowa chimodzi cha chipatala chawo. Achikulire okulira pamishoni amautcha bazaa kapena selo. Achinyamata amangoti fundraising. Ena amati msonkhamsonkha, ngakhale msonkhamsonkha weniweni ndi uja woyenda ndi kope khomo ndi khomo, wopanda ng'oma.

Umasiyana ndi msika wamba chifukwa wogulitsa sapita ndi phindu kunyumba, ndipo wogula amalipira mopitirira mtengo akudziwa. Tambala amatha kugulidwa pamtengo wa kambuzi, wogulayo n'kumubwezanso kuti agulitsidwe kachiwiri.

Mwambowu udayambira kuti?

Kudyetsa chipatala ndi ndalama zamsika n'kwakale kwambiri ku England. Mu 1133 Mfumu Henry I idalola ansembe a St Bartholomew ku London, omwe nyumba yawo idakhazikitsidwa pamodzi ndi chipatala cha dzina lomwelo, kuti azichititsa msika chaka ndi chaka. Mu 1211 Mfumu John idapereka chilolezo chofanana ku chipatala cha odwala khate cha ku Cambridge, ndipo msika wake wa Stourbridge udakula n'kukhala umodzi mwa misika ikuluikulu ya ku Ulaya. Masiku amenewo phindu linkachokera ku ndalama zamalo zimene amalonda ankalipira, monga momwe khonsolo imadulitsira ziphaso pamsika lero.

Kenaka kudabwera njira zina. Ku Birmingham, mu 1768, adachititsa chikondwerero cha nyimbo kuti apeze ndalama zomalizira chipatala chachikulu cha mzindawo. Mu 1859 mipingo ya mumzinda womwewo idagwirizana zopatula Lamulungu limodzi pachaka kuti chopereka chonse chipite kuchipatala, n'kulitcha Hospital Sunday. Pofika 1873 kudali Hospital Saturday, pomwe ogwira ntchito m'mafakitale ankasonkha kuchokera pamalipiro awo. Amene adapitako ku Pepa Sande aona kufanana kwake.

Msika wa maonekedwe amene tikuwadziwa ife, woti amayi asoke, aphike ndi kugulitsa, udakula m'zaka za m'ma 1800. Ku America, nkhondo yapachiweniweni ili mkati, amayi a ku Chicago adachititsa msika waukulu mu 1863 wothandiza asilikali ovulala. Pulezidenti Abraham Lincoln adaperekapo pepala limene adalemba ndi dzanja lake lolengeza ufulu wa akapolo, ndipo lidagulidwa madola 3,000.

Chofunika kwa ife ndi zimene zidachitika ku Britain mu 1948, boma litatenga zipatala n'kuyamba kuchiza anthu mwaulere. Misika ija sidathe. Magulu a abwenzi a zipatala adapitiriza kusonkha, koma ntchito yawo idasintha: adasiya kulipira madokotala ndi mankhwala n'kuyamba kugula zowonjezera zimene bajeti ya boma siyifikako msanga. Apa ndi pomwe misika ya kuno iyeneranso kuima.

Nanga ku Nkhotakota kuno udafika bwanji?

Udabwera ndi mishoni. David Livingstone adakumana ndi Jumbe, mfumu yachiswahili ya kuno, pansi pa mtengo mu 1863, koma Aanglikani a mishoni ya UMCA (Universities' Mission to Central Africa) adadzakhazikika kuno mu 1894. Dokotala Robert Howard, amene adafika mu 1899, ndiye adakonza bwino ntchito yachipatala ya mishoniyi ku Likoma, Nkhotakota ndi Malindi. Chipatala cha St Anne's n'chochokera mu ntchito imeneyi.

Ndalama zoyendetsera zipatalazi poyamba zinkachokera ku mipingo ya ku Britain, komwe amayi ankasoka zovala ndi mabandeji ndi kuchititsa maselo. Tinganene kuti msika woyamba wothandiza odwala a ku Nkhotakota udachitikira kutsidya la nyanja, eni matendawo osauona. Kuno anthu ankapereka zimene anali nazo: ufa, mazira, nkhuku, nkhuni, ndi manja awo pouma njerwa. Mipingo itayamba kuima payokha, magulu a amayi monga Mothers' Union, Chigwirizano, Dorika ndi amayi achikatolika adatenga luso losoka ndi kugulitsa lija n'kuliphatikiza ndi chopereka cha masika, chomwe mbewu zoperekedwa kutchalitchi zimagulitsidwa pambuyo pa mapemphero. Amayi achisilamu a dawa nawo akhala akuyendera odwala ndi sadaka ya sopo, shuga ndi zitenje.

Ndiye kuti n'zachizungu zokhazokha?

Ayi. Dzina ndi matebulo ndi zobwera, koma mtima wake udalipo kale. Dima, pomwe mudzi umalimira munthu mmodzi iye n'kuphika thobwa, ndi msonkhano wantchito wokhala ndi chisangalalo mkati. Pamaliro khomo lililonse limatulutsa mbale ya ufa ndi chipepeso, ndipo mwini mbumba amalengeza poyera kuti uje wapereka zakuti. Paukwati pali perekaniperekani. Wovina bwino amafupidwa. Makolo ankati kupatsa n'kuika, ndipo ndi mmene anthu amaonera chipatala: amene wasonkha lero mawa ndi gadiyani.

Taonani kuti m'miyambo yonseyi chopereka chimalengezedwa anthu akumva. Misika imene imakanika kawirikawiri ndi imene idatengera matebulo kwa azungu koma n'kuiwala kulengeza kwa pamaliro. Onani funso lomaliza.

Zidasintha bwanji nthawi ya Kamuzu ndi pambuyo pake?

M'nthawi ya chipani chimodzi ntchito zodzithandiza zidakula. Pa Sabata ya Achinyamata anthu ankalambula misewu, kuumba njerwa ndi kumanga kapena kukonza nyumba za pasukulu ndi pachipatala. Bungwe la Chitukuko Cha Amayi m'Malawi, lomwe lidayamba mu 1985, linkapezanso ndalama n'kumapereka katundu m'zipatala. Zambiri zidamangidwa, koma kusonkha kwake nthawi zambiri sikudali kofuna mwini, ndipo 1994 itakwana anthu ambiri ankati ntchito zotere ndi thangata. Chilonda chimenechi chikadalipo. Mfumu ikalamula kuti khomo lililonse lipereke ndalama yakuti, ndipo wosapereka asalembedwe pa chithandizo china, anthu amapereka ndithu, koma chaka chotsatira sabweranso.

Chapakati pa zaka za m'ma 1990 MASAF, thumba la boma la chitukuko cha m'midzi, idabweretsa kachitidwe koti mudzi upereke njerwa, mchenga ndi miyala, thumba lipereke simenti ndi malata. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 lidatsegula njira ya makomiti a chitukuko a m'mudzi (VDC) ndi a dera (ADC). Nthawi yomweyo bigiwoko, ukwati wachiphamaso ndi zikondwerero za makwaya zidafala. Mu 2005 kampani ya nyuzipepala ya Nation idayambitsa Mother's Fun Run, yomwe imasonkhetsa ndalama zogulira zipangizo za uchembere ndipo imasinthasintha maboma. Mu 2021, Covid-19 itavuta, nzika wamba zidasonkha kudzera pa Facebook ndi mafoni n'kugula masilinda a mpweya, ndipo chimene chidakopa anthu n'chakuti ndalama zolowa ndi zotuluka zinkaonetsedwa poyera pafupipafupi.

Chipatala cha boma n'chaulere ndipo timakhoma msonkho. Tisonkherenji?

Funsoli n'loyenera ndipo wolifunsa asamatengedwe ngati wotsutsa chitukuko. Malipiro a anamwino, mankhwala ochokera ku Central Medical Stores Trust, mafuta a ambulansi ndi chakudya cha odwala ndi udindo wa boma. Msika usalowe m'malo mwa zimenezi. Mukagula mafuta a ambulansi a mwezi umodzi, mwezi wotsatira vuto lili pomwepo ndipo palibe chooneka chimene mungaloze.

Pali zinthu zina zimene zimakhala kumapeto kwa mndandanda chaka chilichonse koma ndizo zimene wodwala ndi gadiyani amakumana nazo poyamba: chitando chodontha, chidikiro chopanda chimbudzi, khitchini ya magadiyani yopanda denga, mabenchi a kusikelo, nyali ya m'chipinda chochirira magetsi akazima. Izi msika umazitha, ndipo zimakhala zaka. Komiti imene yasonkhera zoterezi imakhalanso ndi mawu amphamvu ikapita kukhonsolo kukafunsa za mankhwala.

Nanga zipatala za mishoni, zomwe zimalipiritsa kale?

Zipatala za CHAM, bungwe la zipatala za mipingo lomwe lidayamba mu 1966, zimalipiritsa chifukwa zimadzigulira mankhwala ambiri ndi kudzilipirira magetsi, madzi ndi kukonza nyumba. Boma limalipira malipiro a antchito ambiri, ndipo kuyambira 2006 pali mapangano oti amayi oyembekezera ndi ana athandizidwe mwaulere m'zipatala zina, boma n'kudzabweza ndalamazo. Zolipira za odwala sizikwanira kumanga kapena kugula makina. Pamalo otere msika ungathenso kukhazikitsa thumba lolipirira odwala osaukitsitsa, koma pakhale malamulo olembedwa onena amene amasankha wothandizidwa, apo ayi thumbalo limathera kwa achibale a komiti.

Tikufuna kuchititsa msika. Tiyambire pati?

Musayambe ndi tsiku kapena gulu loimba. Yambani ndi mkulu wa chipatala ndi komiti ya chipatalacho. Afunseni zosowa zitatu, muzione ndi maso, musankhepo chimodzi. Chikhale chinthu chotchulika ndi chowerengeka: matiresi 20, thanki imodzi ya malita 5,000 ndi nsanja yake, zimbudzi ziwiri za kuchidikiro. Mawu oti "tithandize chipatala chathu" satulutsa ndalama m'thumba ngati mawu oti "amayi akuchidikiro akugona pansi, tikufuna matiresi 20".

Tengani mitengo m'masitolo atatu, molembedwa, muwonjezere 15 pa 100 iliyonse ya mayendedwe ndi kukwera kwa mitengo. Ndicho chiwerengero cholengeza. Kenaka lemberani kalata a DHO, mkulu woyang'anira zaumoyo m'boma lonse la Nkhotakota, mudziwitse a gulupu ndi a T/A a dera lanu, kaya ndi a Malengachanzi, a Mwadzama, a Kanyenda, a Mphonde, a Mwansambo kapena a Kafuzira, ndipo nkhaniyi idutse ku ADC.

Komiti ya anthu 10 mpaka 12 imakwana. Mukhale amayi osachepera theka, Asilamu ndi Akhristu, wachinyamata, wamalonda, woimira asodzi ngati muli kunyanja, ndi mmodzi wa komiti ya chipatala. Wogwira ntchito pachipatala akhale mlangizi, asakhale msungichuma. Izi zimamuteteza iye mwini ku mphekesera. Mfumu nayo isasunge ndalama, chifukwa pakabuka mlandu ndiyo idzauweruze. Kukonzekera kumafuna masabata 6 mpaka 8.

Mwezi wabwino ndi uti, nanga tsiku?

Kuyambira Juni mpaka Ogasiti, mpunga utakololedwa ndi kugulitsidwa, misewu ya kumidzi itauma. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala ndi matope. Seputembala makolo ali pa fizi, Okutobala ndi Novembala ndalama zili ku feteleza ndipo dzuwa la kunyanja sililola munthu kukhala pabwalo masana. Sankhani sabata yotsatira malipiro, makamaka ku Dwangwa ndi paboma pomwe olandira pamwezi ndi ambiri.

Miyezi imeneyi ndi ya mwera, ndiye matenti amangidwe ndi zingwe ndi zikhomo zakuya, khomo lake lisayang'ane kummwera. Mwera ukalimba masiku angapo asodzi salowa m'madzi ndipo m'madoko ndalama zimasowa. Usipa wa nyali umaphedwa bwino mdima, choncho kumadera a asodzi tsiku lotsatira masiku a mdima limaposa la mwezi wowala.

Lachisanu ndi la Jumuwa, Lamulungu ndi la tchalitchi, Loweruka ndi Sabata la a Seventh Day. Loweruka ndilo limakomera ambiri. A Sabata apatseni gawo Lachisanu m'mawa pokonza bwalo kapena Lamulungu powerengera katundu, ndipo kwaya yawo itha kuchititsa madzulo akeake. Onaninso kalendala ya Ramadan, yomwe imabwerera m'mbuyo masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. Kugulitsa zakudya masana anzanu akusala n'kutaya theka la ogula ndiponso n'kupanda ulemu.

Tichitire pachipatala pomwepo?

Ayi. Zimkuzamawu ndi odwala siziyendera limodzi, ndipo khamu limatseka njira ya ambulansi. Bwalo la sukulu kapena la mpira lomwe lili pafupi ndilo labwino. Alendo ochepa atha kukaona chosowacho m'mawa, motsogozedwa ndi namwino, popanda kujambula odwala.

Pakufunika zilolezo zanji?

Dziwitsani bwanamkubwa ndi apolisi molemba, makamaka ngati pali bigiwoko yodutsa mumsewu wa M5, womwe ndi wopapatiza m'malo ambiri ndipo mumadutsa malole. Chitani izi sabata imodzi kapena masabata awiri tsikulo lisanafike, ndipo pemphani apolisi apamsewu kutsogolo ndi kumbuyo kwa mzere. Ana asayende pakati pa msewu ndi mbale kuimitsa galimoto.

Mwini bwalo apereke chilolezo cholembedwa. A zaumoyo a khonsolo adziwe kuti kudzaphikidwa zakudya. Nyimbo zoseweredwa pagulu zimakhudza COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, choncho funsani mwini zimkuzamawu ngati ali ndi chiphaso chake. Mpikisano wa matikiti amwayi umayang'aniridwa ndi bungwe la MAGLA, ndiye funsani musanasindikize matikiti. Dziwaninso kuti Asilamu ndi mipingo ina amautenga mpikisanowu ngati juga, ndipo m'madera ena kuusiya kumapindulitsa kuposa kuuchita.

Chimabweretsa ndalama zambiri n'chiyani?

Si mandasi. Matebulo a zakudya amakopa anthu ndi kuwasunga pabwalo, koma phindu lake n'lochepa mukachotsa ufa, mafuta ndi nkhuni. Ndalama zenizeni zimachokera kutatu.

Koyamba ndi makalata opita kwa amalonda, makampani, malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja ndi ana a mudzi okhala ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu kapena ku Joni. Awa amapereka tsiku lisanafike, ndipo pamsika wokonzedwa bwino gawo lalikulu limakhala litalowa kale ng'oma isanalire. Kalata ikhale ndi chidindo cha chipatala ndi cha mfumu, chiwerengero chofunika ndi nambala ya akaunti.

Kachiwiri ndi okushoni ya zinthu zoperekedwa: mbuzi, matumba a mpunga wa Kilombero kapena Faya, chambo, mphasa, mipando, keke. Apa chofunika ndi woyendetsa mwambo wodziwa anthu ndi mayina awo, wotha kupikisanitsa mudzi ndi mudzi mosanyoza wosauka. Mbuzi igulitsidwe pakati pa tsiku anthu atadzaza, osati kumapeto.

Kachitatu ndi perekaniperekani. Itanani magulu limodzilimodzi: aphunzitsi, akabaza, asodzi, amayi a banki mkhonde, onse amene adabadwira pachipatalacho, onse amene adachirirapo mwana. Magulu awiri omalizawa amadzutsa pafupifupi bwalo lonse. Ndalama ziponyedwe m'lichero kapena m'beseni, osati pansi pomwe zimapondedwa, kung'ambika ndi kutoledwa ndi ana. Chioda ndi malipenga zimakoka khamu, ndipo magulu ovina agwirizane nanu pasadakhale kuti zofupa zipita kuthumba, inu muwapatse chakudya ndi mayendedwe. Za Gule Wamkulu kambiranani ndi eni dambwe ndi atsogoleri a zipembedzo, ndipo asabwere pabwalo la tchalitchi kapena la mzikiti.

Ndalama yolowera pakhomo ikhale yochepa kapena isakhalepo. Bwalo lopanda mpanda silitchingika, ndipo mkangano wapakhomo umathamangitsa anthu amene akadaponya zambiri m'lichero.

N'chifukwa chiyani misika ina imadzaza anthu koma osapindula?

Zowonongera. Matenti, mipando, jenereta, oimba olipidwa, zitenje kapena malaya osindikiza ndi chakudya cha alendo olemekezeka zimatha kudya zonse. Dziikireni malire oti zowonongera zisapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a ndalama zimene mukuyembekeza. Mipando bwerekani kusukulu ndi kumipingo. Malaya sindikizani okhawo amene alipiridwa kale, chifukwa otsala okhala ndi deti sagulikanso. Komiti isalandire alawansi, ndipo izi zinenedwe pamsonkhano woyamba kuti wofuna kuchoka achoke.

Zakudya tiziyendetsa bwanji kuti pasabuke matenda?

Kolera ya 2022 mpaka 2023 idavuta kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja, ndipo palibe chamanyazi ngati msika wothandiza chipatala kudzaza chipatalacho. Alangizi a zaumoyo akhale nanu kuyambira pokonzekera. Iwo ndiwo asungunule klorini wa madzi osamba m'manja ndi akumwa, chifukwa miyezo yake n'njosiyana. Ikani ndowa yampopi ndi sopo pakhomo, pa zakudya ndi pa chimbudzi chilichonse, ndipo pakhale munthu wodzazamo madzi tsiku lonse.

Chakudya chiphikidwe pomwepo n'kugulitsidwa chotentha. Mpunga ndi nsomba zophikidwa usiku n'kusungidwa m'mapoto mpaka masana zimatsegula m'mimba. Thobwa liphikidwe ndi madzi otetezedwa, lithiridwe ndi chikho chimodzi chachitali chosalowetsa dzanja, ndipo makapu asatsukidwe m'beseni limodzi tsiku lonse. Nyama izingidwe ndi shehe kuti aliyense adye momasuka. Nkhumba ndi mowa zisiyeni. Kolera ikamveka m'deralo, tsatirani zimene a zaumoyo anena, ngakhale zitatanthauza kusintha tsiku.

Pabwalo pomwepo mutha kuika tenti yoyezera BP ndi shuga, komanso kuitana a Malawi Blood Transfusion Service. Munthu wathanzi wa zaka 16 mpaka 65 amapereka magazi okwana mamililita 450, ndipo wopanda ndalama amakhala atapereka chinthu chimene sitolo sagulitsa.

Ndalama tiziteteza bwanji patsikulo?

Tsegulani akaunti ya komiti msanga, ya osayinira atatu, awiri aliwonse n'kutha kutapa. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ikhale ya ntchitoyi yokha, osati ya wapampando, ndipo mauthenga ake asafufutidwe.

Njira yochepetsa kusowa kwa ndalama ndi makuponi. Sindikizani timapepala ta manambala otsatana, tokhala ndi chidindo, ta mitengo iwiri kapena itatu. Tigulitsidwe pa matebulo awiri okha, ndipo ogulitsa zakudya alandire makuponi basi. Madzulo makuponi a tebulo lililonse amaonetsa zimene lagulitsa, ndipo manambala otsala amaonetsa ndalama zimene osunga ayenera kukhala nazo.

Malo oopsa kwambiri ndi tebulo la tchenje la perekaniperekani, pomwe K5,000 imasinthidwa kukhala ma K100 ndi ma K200, ndalama zomwezo n'kumazungulira. Lembani ndalama zoyambira tebulo lisanatsegulidwe. Pakhale anthu atatu ochokera m'magulu osiyana, opanda zikwama. Gulu lililonse likatha kuponya, werengani, lembani, lengezani pa chimkuzamawu. Maola awiri aliwonse ndalama zikuluzikulu zichotsedwe, zitsekeredwe mu envulopu yosayinidwa ndi anthu awiri. Kuwerengera komaliza kuchitike kusanade, pamaso pa mfumu ndi woimira chipatala. Ndalama zisagone kunyumba ya munthu: ikani kwa ejenti wa banki tsiku lomwelo, kapena zisungidwe mu sefa ya parishi kapena ya sitolo yodalirika, envulopu zili zomata, mpaka Lolemba.

Alendo olemekezeka akalonjeza ndalama, tiziwerengere?

Ayi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Lengezani ziwerengero ziwiri: zimene zili m'manja ndi zimene zalonjezedwa. Mukaphatikiza, anthu amapita kwawo akudziwa chiwerengero chachikulu, ndipo lonjezo likapanda kukwaniritsidwa mbava imakhala komiti. Wolonjeza asayine pepala lokhala ndi deti, mlembi alondole pasanathe masiku 14.

Aphungu ndi makhansala aitanidwe onse mofanana, popanda nsalu za chipani pabwalo. Kuwapempha kuti thumba la chitukuko cha dera la phungu (CDF) lidzamalize gawo lina la ntchito n'kwabwino kuposa envulopu ya tsiku limodzi, koma pempholo lidutse ku ADC kuti lilembedwe.

Tipereke ndalama kuchipatala kapena tigule katundu?

Gulani katundu, mogwirizana ndi achipatala. Ndalama zikalowa m'thumba la khonsolo zimatsata ndondomeko za boma zogulira zinthu, ndipo n'kovuta kudzaloza kuti izi ndi zathu zija. Gulaninso msanga. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse mu Meyi 2022 ndi 44 pa 100 iliyonse mu Novembala 2023, ndipo ndalama zogona kubanki nthawi ngati imeneyo zimagula katundu wochepa kuposa amene mudalonjeza.

Pogula, mverani namwino. Matiresi a kuchipatala amafunika chikuto chosalowa madzi chopukutika ndi klorini. A siponji wamba amanyowa ndi magazi n'kutayidwa pasanathe miyezi. Yezani mabedi musanagule. Makina a BP a mabatire amafuna mabatire otchaja ndi tchaja chake. Sola igulidwe ndi munthu wodziwa kuwerengera mphamvu ya mababu ndi maola ake, ndipo mudziwiretu kuti batire lidzafuna kusinthidwa pakapita zaka zochepa. Thanki ya malita 5,000 ikadzaza imalemera matani 5, choncho nsanja yake si yowotcherera mongoyerekeza.

Popereka, mkulu wa chipatala asayinire mndandanda, katundu alowe m'kaundula wa chipatala, ndipo chilichonse chilembedwe dzina la chipatalacho ndi penti. Komiti ibwerenso pakatha miyezi itatu kudzaona.

Achibale akunja akufuna kutumiza mankhwala ndi makina. Tivomere?

Osavomera musanafunse a DHO. Mankhwala olowa m'dziko amayenera kuvomerezedwa ndi bungwe la PMRA, ndipo otsala pang'ono kutha mphamvu kapena osadziwika kwa madokotala athu amangodzaza sitolo n'kufuna ndalama zowaonongera. Makina a ku America ambiri ndi a magetsi a 110 volts pomwe athu ndi 230, ndipo amapsa tsiku loyamba. Ena amafika opanda buku, opanda zosinthira, kapena ofuna timapepala toyezera tosapezeka kuno. Amisiri a zipangizo zachipatala a unduna, a PAM, aone dzina ndi mtundu wa makinawo asanatumizidwe. Kawirikawiri n'kwanzeru kuti achibalewo atumize ndalama, katundu agulidwe ku Lilongwe kwa wogulitsa amene angadzakonze.

Tikufuna kumanga chitando kapena chidikiro. Chimalakwika n'chiyani?

Choyamba ndi kumanga popanda pulani yovomerezeka. Malo asonyezedwe ndi achipatala, pulani idutse kwa a zomangamanga a khonsolo. Kuyambira 2018 malamulo salola njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma ndi za mabungwe, ndiye musanauze midzi kuti iumbe, funsani ngati zidzaloledwa. Mudzi utha kupereka mchenga, miyala, madzi ndi manja oumbira mabuloko a simenti.

Chachiwiri ndi kuiwala zimbudzi, bafa, madzi ndi khitchini. Chidikiro chopanda izi amayi amachithawa. Dothi la kunyanja ndi lamchenga ndipo madzi ali pafupi, choncho dzenje la chimbudzi limangidwe m'kati kuyambira pansi, apo ayi limagumuka ndi mvula yoyamba. Kumalo otsika, monga kumene madzi adasefukira ku Dwangwa mu Febuluwale 2024, maziko akwezedwe. Denga limangiriridwe ku khoma ndi waya kapena zitsulo chifukwa cha mphepo.

Chachitatu ndi kuyamba nyumba yaikulu ndi ndalama za msika umodzi. Makoma osafoleredwa akadutsa dzinja limodzi amayamba kung'aluka, ndipo anthu akamadutsa pa chigwirigwiri chotere tsiku ndi tsiku safunanso kumva za msika wina. Mangani zipinda ziwiri zofoleredwa, zogwira ntchito, pulani ikhale yolola kuwonjezera.

Ndalama zikapanda kukwana, kapena zikatsala, titani? Nanga lipoti?

Zonse ziwiri zigwirizanidwe ndi kulembedwa msika usanachitike. Zikaperewera, gulani gawo lotheka, matiresi 12 m'malo mwa 20, osati kusunga kudikira chaka chamawa. Zikatsala, zipite ku chosowa chachiwiri pa zitatu zija mudapatsidwa poyamba. Kusintha cholinga kufuna msonkhano wa onse, osati wa komiti yokha. Thumbali lisabwereketsedwe kwa aliyense, ngakhale pamaliro.

Lipoti lituluke pasanathe masiku 14, pa pepala limodzi: zolowa malinga ndi gwero lake, zowonongera chimodzichimodzi, zotsala, malonjezo amene sanafike ndi mayina a magulu ake, ndi tsiku logula katundu. Anthu awiri osakhala m'komiti, monga mphunzitsi wamkulu ndi msungichuma wa mpingo kapena mzikiti, aone malisiti ndi sitetimenti ya banki n'kusayinira. Pepalalo limatidwe pachipatala, kwa a gulupu ndi pamsika, liwerengedwe Lachisanu kumzikiti, Loweruka ndi Lamulungu m'matchalitchi, ndipo chithunzi chake chitumizidwe pa WhatsApp kwa onse akutali amene adathandiza. Mabuku a malisiti, makuponi otsala ndi makope onse aperekedwe kwa komiti ya chipatala kuti odzachititsa msika wotsatira adzayambire pamenepo.